Dokotala wa pa Botolo

Dokotala amene amayi ake a Chisamba ankamukhulupirira kuposa madokotala onse sanalowepo m'kalasi ya udokotala ngakhale tsiku limodzi. Chisamba ankadziwa zimenezi bwino lomwe, pakuti amene anamupanga dokotalayo anali iye mwini, Lachiwiri lina masana, kunja kukugwa mvula.

Aliyense ankangomuitana kuti Chisamba poti anali woyamba kubadwa. Ankagwira ntchito pashopu yosindikiza zinthu, pakati pa butchala ndi kashopu kokonza mafoni. Ntchito yake inali yopatsa malonda nkhope. Munthu ankabwera ndi sopo wopanda dzina atamukulunga m'nyuzipepala, n'kuchoka ndi dzina, chizindikiro ndi lebulo yoti sopoyo azioneka ngati wangotsika m'ndege. Ntchitoyo ankaidziwa, tisanamizane. Ankadziwa kuti chofiira chimaitana njala, chabuluu chimakhazika mtima pansi, ndipo chobiriwira chimanong'oneza munthu kuti usaope, izi n'zachilengedwe, ngati kuti njoka si yachilengedwe.

Kwawo kunali chizolowezi. Lebulo yoyamba kutuluka m'makina pa ntchito iliyonse Chisamba ankapita nayo kwa amayi ake, ndipo iwo ankaimata pachitseko cha kabati ya mbale. Chitsekocho chinali chitadzaza: sopo, uchi, mafuta odzola, sukulu ya mkaka, ngakhale kampani yonyamula maliro. Mlendo aliyense ankayamba waimikidwa pa kabatiyo asanapatsidwe n'komwe madzi akumwa. Amayiwo anali telala, mwamuna wawo anamwalira kalekale, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi anali akulimbana ndi matenda a shuga.

Lachiwiri la mvula lija, pashopu panafika bambo wina wa nsapato zosongoka atanyamula chigubu cha madzi oderako. Apashopu anamupatsa dzina asanakhale n'komwe pansi: Wazigubu.

"Awa ndi mankhwala a shuga," anatero Wazigubu. "Ndikufuna botolo loti munthu akaliona achire asanatsegule."

Chisamba ananunkhiza. Zinkamveka ngati tiyi wogonera amene wina wagwetseramo khungwa la mtengo.

"Anawayeza ndani?"

"Anthu akumwa, sakudandaula. Inu chanu n'kukongoletsa, achemwali."

Chisamba anayang'ana abwana ake, mwini shopu. Abwanawo anangokweza mapewa. "Ife timagulitsa inki ndi pepala. Zoyeza mankhwala zili ndi eni ake."

Funso lake linathera pomwepo, ndipo kunena zoona silinamuvutenso. Ntchitoyo inamukomera. Anapeka dzina lakuti Muzu wa Golide, anajambula tsamba lobiriwira, n'kusankha zilembo zabuluu zooneka zaulemu. Kunatsala nkhope. Wazigubu ankafuna dokotala wa timvi pang'ono, wamaso achifundo. Onse anatembenukira kwa Wamakina, bambo woyendetsa makina osindikizira, munthu amene akangoona singano ya jakisoni amatuluka thukuta. Anabwereka chikhoti choyera kubutchala. Chinali ndi dontho la magazi a mbuzi pathumba, Chisamba analifufuta pakompyuta. Magalasi anali a abwana. Chopimira mtima chimene madokotala amakoloweka m'khosi anachimatanso pakompyuta. Anaseka mpaka kugwira nthiti, wabutchala atasuzumira pawindo akufunsa ngati adokotala angamuonereko msana.

Chomaliza chinali chidindo chagolide, chozungulira, cholembedwa kuti ZOYESEDWA NDI KUTSIMIKIZIKA. Zoyesedwa ndi ndani, chidindocho sichinanene. Wazigubu ankafuna chongosindikiza wamba, koma Chisamba anaumirira kuti chikhale chotukuka, chomveka munthu akachisisita.

"Maso amakayika, bambo," anamuuza. "Chala sichikayika."

Loweruka lake anapita nayo lebuloyo kwa amayi ake, monga mwa nthawi zonse. Iwo anaimata pamwamba penipeni, pakati pa uchi ndi sukulu ya mkaka.

Patapita miyezi inayi, nkhope ya Wamakina inali paliponse: pazikwangwani, kumbuyo kwa maminibasi, pamakoma a magolosale. Chisamba akamadutsa ankamva kukoma mumtima. Kukomako kunatha Loweruka lina pamene amayi ake anamutuma kuti atenge lumo m'dirowa ya makina osokera. Pansi pa lumolo panali timatumba titatu ta mapiritsi a kuchipatala, tonse tosatsegula. Atacheuka ndi pamene analiona botolo lija patebulo, litakhazikidwa pa kansalu koluka ngati duwa.

"Amayi, mapiritsi awa simukumwa?"

"Ndinasiya. Ndili pa Muzu wa Golide tsopano."

"Mwasiya liti?"

"Iwe, ukundifunsa ngati wapolisi bwanji? Tatiyang'ana timatumbato. Kathumba kopanda dzina, kolembedwa ndi bolopeni ngati ka mchere wa pamsika. Ndiye uone ili. Botolo la ulemu wake, adokotala ake ali pomwepo, osati aja amakulembera mankhwala osakuyang'ana n'kumaso komwe."

"Amayi, munthu ameneyo si dokotala."

"Ndi m'busa?"

"Ndi Wamakina wa kuntchito kwathu. Chikhoticho n'cha wabutchala."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamwa madzi kapu yonse, n'kuthiranso ina. Chisamba anaiyang'anitsitsa kapu yachiwiriyo, chifukwa ludzu lotere la shuga ankalidziwa.

Lolemba anawakweza minibasi n'kupita nawo kushopu. Anawapeza Wamakina atagwada pansi pa makina, manja ali bii ndi inki, akudya nthochi. Amayi anapinda maondo mwaulemu.

"Muli bwanji, adokotala?"

Wamakina anatsala pang'ono kutsamwa. "Mayi, pepani. Ine ndine wamakina chabe. Ngakhale nkhuku sindinaichiritsepo."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanali munthu wopusa ayi. Anasoka zovala za anthu zaka makumi atatu, ndipo ankadziwa kuti suti imabisa zambiri.

"Chabwino," anatero. "Pa paketi ya sopo amaikaponso kamtsikana kosalala komwe sikanaphikepo sopo. Zimenezo ndikuzimvetsa. Nanga chidindo? Chidindo sichiikidwa ndi munthu wamba."

Chisamba anawakhazika pampando wake, kutsogolo kwa kompyuta. Anajambula chozungulira, anachipaka golide, anachizunguliza timano, n'kulemba pakati kuti MBUZI YOYESEDWA NDI KUTSIMIKIZIKA. Sipanathe mphindi zitatu.

"Mwaona, amayi? Chija ndinachipanganso chonchi. Palibe anayeza kalikonse. Mukaona chithunzi muzifunsa kuti wachipanga ndani, ndipo akufuna kuti muchite chiyani. Ine ndinkafuna kuti anthu agule, basi."

Amayi anaiyang'anitsitsa mbuzi yoyesedwayo. Makina anali atazimitsidwa, ndipo kubutchala kunkamveka nkhwangwa ikudula fupa.

"Ndiye ukundiuza kuti unkadziwa kuti ndi bodza," anatero pang'onopang'ono. "Unalisambitsa, unalidzoza mafuta, unaliveka chikhoti. Kenako unabwera nalo kunyumba kwanga, kwa mayi ako odwala shuga, kuti ndilimate pakabati."



"Ayi," anatero amayi akudzuka n'kukonza mpango wawo. "Mwana amene ndinalera ine sangachite zimenezo. Wangogwirizana ndi anamwino kuti undibwezere pamzere wa kuchipatala. Tiye, ndiperekeze."

Apa ndi pamene Chisamba anasowa pogwira. Akanakhala kuti amayi ake akukhulupirira Wazigubu, kapena nkhope ya Wamakina, akanalimbana nazo. Koma iwo ankakhulupirira iyeyo. Kuti awachotse pa botolo, anayenera kuwatsimikizira kuti mwana wawo ndi wabodza, ndipo iwo anali okonzeka kudwala kusiyana n'kuvomera zimenezo.

Anayesa zonse zimene munthu angayese. Anaimbira Wazigubu, amene anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Achemwali, palebulo sitinalembe kuti munthu asiye mapiritsi. Munalemba ndinu, werenganinso." Anapempha abwana kuti asiye kusindikiza malebulowo. Abwana anati akasiya iwo asindikiza a tsidya la msewu, ndipo asindikiza monyansa. Anapita ku ofesi ina yolandira madandaulo, kumene anamupatsa fomu ya masamba anayi. Patsamba lachiwiri panali funso lakuti anakonza lebulo ndani. Ali m'kati moganiza choti alembe, anaona kuseri kwa mafaelo a kalaliki kukusuzumira botolo la katsamba kobiriwira kamene anakajambula yekha. Anaipinda fomuyo n'kutuluka. Mlongo wake, amene ankakhala kutali, anangoti pafoni, "Unayambitsa ndiwe, umalize ndiwe."

Tsiku lina anaba botolo n'kulikhuthulira m'ngalande. Mawa lake patebulo panali awiri.

Shuga sachita phokoso, amangodya munthu mwakachetechete. Amayi anayamba kuonda, madiresi awo omwe n'kumawalendewera. Kenako ulusi unayamba kukana kulowa pasingano. Ankaloza, kuphonya, kunyambita ulusi, kulozanso, mpaka kunamizira kuti singano za masiku ano n'zopanda maso. Pachala chachikulu chakuphazi panabwera kachilonda kochokera ku nsapato, ndipo mwezi unatha kasanapole.

Nthawi imeneyo pamsika panali patabwera Muzu wa Golide wachinyengo, bodza lobera bodza linzake. Mnansi wawo, amake mapasa, amenenso anali wa shuga, anawagulira botolo limodzi lotero. Chisamba analipo. Amayi sanathenso kuwerenga zilembo, koma anayendetsa chala palebulo n'kulibweza.

"Akuberani, amake mapasa. Chidindo chake n'chosalala. Chenicheni chimamveka. Mwana wanga anachipanga dala kuti ife a maso ofooka tisamanamizidwe."

Chisamba anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Analira mosatulutsa mawu chifukwa cha mkwiyo ndi manyazi, ndipo panalibe wina woti amukwiyire.

Chala chija chitayamba kuda m'mbali ndi kununkha, amayi anavomera kupita kuchipatala, koma kukatsukitsa chilonda chokha. Namwino, mayi wonenepa wotopa ndi anthu, anayeza shuga, anayang'ana nambala, n'kuyezanso kachiwiri. Kenako anamukokera Chisamba pakhonde.

"Ndinu mwana wawo? Mvetserani. Akapanda kuyambiranso mapiritsi sabata ino, chala ichi tidula. Akapitiriza, phazi. Maso ndiye sindikulonjezani kanthu."

"Akukana, anamwino. Ali pa Muzu wa Golide."

Namwino anaphethira mokwiya. "Botolo limenelo latidzazira wodi. Amene anajambula kadokotala kaja ndikanangomuona, ndikanamuyendetsa bedi ndi bedi kuti aone ntchito yake."

Chisamba analandira kathumba ka mapiritsi ndi manja awiri, maso ali pansi.

M'minibasi amayi anakankhira kathumbako pamiyendo pake. "Ako amenewo. Ine ndili ndi anga."

M'mawa mwake Chisamba anafika kushopu abwana asanabwere. Anatsegula kompyuta, anatenga tsamba lobiriwira lija, zilembo zabuluu zija, ndi nkhope ya Wamakina. Anakonza kabokosi kakang'ono, kokongola kuposa chilichonse chimene anapangapo. Kutsogolo analemba kuti MUZU WA GOLIDE, MAPIRITSI AMPHAMVU. Kumbali analemba kamwedwe kake monga momwe namwino analembera pakathumba, n'kuwonjezera ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUSAPHATIKIZE NDI AMADZI A M'BOTOLO.

Wamakina anawerenga, anamuyang'ana, n'kungofunsa za ntchito basi.

"Angati?"

"Kamodzi kokha."

"Chidindo chotukuka?"

"Chotukuka kwambiri."

Anakhuthulira mapiritsi a kuchipatala m'kabokosimo n'kupita nako kwa amayi ake. Anawauza kuti kampani yatulutsa mtundu watsopano, wa odwala okhalitsa, ndipo sunafike m'mashopu. Bodzalo linatuluka mosavuta moti iye mwini anachita nalo mantha. Amayi anakatembenuza kabokosiko, anakayandikizitsa kumaso, kenako chala chawo chinapeza chidindo. Nkhope yawo inamasuka.

"Ndinadziwa ine kuti unkangondiyesa," anatero. "Patse madzi."

Mapiritsi anagwira ntchito yawo, monga akanagwirira ali m'kathumba ka bolopeni. Ludzu linachepa. Chilonda chinauma m'mbali, n'kuyamba kutsekeka. Diso lamanzere linatsala ndi chifunga, koma lamanja linabwerera moti tsiku lina ulusi unalowa pasingano ulendo woyamba. Mwezi uliwonse Chisamba ankakaima pamzere wa kuchipatala ndi kabuku ka amayi ake, n'kudzadzaza kabokosiko mobisa. Namwino anamuyamikira kuti ndi mwana wodziwa kulankhula ndi makolo. 

Loweruka lina masana, akulowa pachipata, anamva mawu ambiri m'nyumba. Pabalaza panali amayi anayi, onse anzawo a amayi ake a pamzere wa shuga. Amayi ake anali atavula nsapato, phazi lili pa kampando, akuonetsa chala chopola ngati munthu woonetsa mwana wakhanda. Kabokosi kaja kankayenda dzanja ndi dzanja, ndipo aliyense akakalandira ankasisita chidindo.

"Ndi uyu wabwerayu!" anatero amayi. "Achipatala ankati adula. Adula chiyani? Muzu wa Golide, anzanga. Lowa, mwana wanga, uwauze wekha."

Amake mapasa anasendera kuti Chisamba akhale. Anali ataonda, milomo itauma, ndipo pambali pawo panali kapu yopanda kanthu.

"Ine mapiritsi amenewa ndawasaka m'mashopu monse, kulibe," anatero. "Ndiye ndangogula amadziwo, poti kampani ndi yomweyo. Achipatala aja ndinawataya m'chimbudzi sabata yatha, nditaona chala cha amayi akochi."

"Inenso ndasiya," anatero wina. "Zaka zonsezi kumangomeza, osachira."

"Tatiuza, mwana wathu," anapitiriza amake mapasa. "Iwe ndi amene umadziwa za zinthu zimenezi. A m'botolowa ndi mapiritsiwa mphamvu yake ndi imodzi, eti?"

Onse anamuyang'ana. Chisamba ankadziwa choti anene. Chinali chiganizo chimodzi chachifupi: m'kabokosimo muli mapiritsi a kuchipatala, omwe aja mwatayawo. Chiganizocho chikanapulumutsa mapazi anayi, mwina asanu ndi atatu. Koma amayi ake anali atatenga kale piritsi la masana m'kabokosimo, lili pakati pa zala ziwiri, dzanja litaima m'malere pakati pa tebulo ndi pakamwa, akudikira monyadira kuti mwana wawo alankhule. Ankawadziwa amayi ake. Akangomva, piritsilo likanabwerera patebulo, ndipo silikanadzanyamulidwanso.

Anayang'ana pakabati. Wamakina ankamwetulira pamwamba penipeni, m'chikhoti cha wabutchala, ndi maso achifundo amene iye anawawalitsa pakompyuta.

Chisamba anadzuka, anathira madzi m'kapu, n'kugwada pafupi ndi amayi ake. Madzi ena anatayikira pa phazi lopola lija.

"Imwani kaye, amayi."

Amayi anameza. Amake mapasa anali akudikirabe yankho, chala chawo chili pa chidindo.